Kodi Kuculuka kwa Mapepala Ndiko Kukula kwa Nzeru? Nkhani ya Robert Langer ndi Sikelo ya Asayansi

M'caka ca 2024 akatswiri a ku Norway amene amapereka mphoto ya Kavli anasankha asayansi atatu pa nchito ya tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo mmodzi wa iwo anali Robert Langer wa pa sukulu ya ukacenjede ya MIT ku America. Manyuzipepala akamalemba za bambo ameneyu amayamba ndi ziwerengero. Iye pamodzi ndi anzake alemba mapepala a kafukufuku oposa 1,500. Ziphaso za umwini wa luso zimene analandira kapena kupempha zaposa 1,400. Asayansi ena achula nchito zake m'mapepala ao nthawi zoposa 400,000, ndipo ali m'gulu la mainjiniya ochulidwa koposa m'mbiri yonse.

M'caka comweco kampani ya Clarivate, imene imatulutsa mndandanda wa ofufuza ochulidwa kwambiri pa dziko lonse, inakana maina oposa 2,000 cifukwa ziwerengero zao zinali zokaikitsa. Nkhani ziwirizi tikaziika pamodzi zikutikumbutsa funso limene mlimi aliyense amafunsa pa nthawi yogulitsa mbeu: kodi sikelo iyi ndi yoona? Funsoli likutikhudza, pakuti ana athu amene tikuwalipirira sukulu ndi ndalama za cimanga ndi thonje adzapimidwa pa sikelo yomweyi akadzakhala ofufuza, ndiponso amalonda ambiri amatigulitsa katundu ndi mau akuti akatswiri ochuka anatsimikiza.

Polima n'ciani?

Nchito ya Langer ili pa zinthu zimene asayansi amazicha mapolima. Taganizirani mikanda yambirimbiri yotungidwa pa ulusi umodzi wautali. Mkanda uliwonse ndi kanthu kakang'ono, koma ikalumikizana mazanamazana kapena zikwizikwi imapanga cingwe colimba. Polima ndi cingwe cotere, kungoti n'cacing'ono kosati n'kuoneka. Ulusi wa thonje ndi polima. Cimene cimalimbitsa nsima m'poto ndi polima wa mu ufa. Mphira wa njinga, nailoni, thumba la feteleza, paipi ya madzi ndi cigubu ca pulasitiki, zonsezi ndi mapolima, ena acilengedwe, ena opangidwa m'fakitale.

Amene anayamba kunena molimba mtima kuti zinthuzi ndi zingwe zazitali anali Hermann Staudinger wa ku Germany, m'caka ca 1920. Anzake ambiri a nthawi imeneyo anamutsutsa, ena mpaka kumulangiza kuti asiye maganizowo. Mphoto ya Nobel anailandira mu 1953, patapita zaka 33. Tisunge nkhani imeneyi m'mutu, cifukwa ikutionetsa kuti mu sayansi ulemu umabwera mocedwa, ndipo amene amawerenga msanga amawerenga molakwa.

Kumene ziwerengero zinayambira

Langer anabadwa mu 1948 ku Albany, m'cigawo ca New York. Atatsiriza maphunziro ake pa MIT mu 1974, makampani ambiri a mafuta anamuitana, pakuti inali nthawi ya vuto la mafuta pa dziko. Iye anasankha kukagwira nchito m'cipatala ca ana ku Boston pansi pa dokotala Judah Folkman. Dokotalayu anali ndi ganizo lakuti cotupa ca khansa sicingakule popanda kumeretsa timitsempha ta magazi tocidyetsa, motero amene angaletse timitsemphato angaletsenso cotupa.

Kuti ayese ganizoli anafunika kanthu kosunga mankhwala m'thupi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kwa masiku ambiri. Akatswiri a nthawiyo anali kunena kuti mankhwala a tizigawo tikulutikulu sangadutse mu pulasitiki, monga mmene mbuzi singadutsire pa mpanda wa waya wa nkhuku. Langer anayesa njira zoposa 200 zimene zinalephera. Potsiriza anapeza mapangidwe a pulasitiki wokhala ndi tinjira tokhotakhota m'kati, ndipo mankhwala anali kutuluka kwa masiku oposa 100. Mmodzi wa mapulasitiki amene anagwiritsa nchito ndi wa mtundu womwe uja amapangira mapatapata. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Nature mu 1976.

Tsono kodi dziko linaombera m'manja? Ai. Makalata ake oyamba 9 opempha ndalama za kafukufuku anakanidwa onse. Ofesi yopereka ziphaso za umwini inamukana kangapo, ndipo ciphaso ca luso limeneli cinatuluka mu 1983. Mankhwala a Avastin, amene amatsata ganizo la Folkman loletsa timitsempha ta cotupa, anavomerezedwa ku America mu 2004, patapita zaka 28 kucokera pa pepala lija. Munthu akanamupima Langer mu 1978 pa sikelo ya kuchulidwa akanati mnyamatayu alibe tsogolo.

Mmene amawerengera

Wofufuza akalemba pepala, kumapeto kwake amandandalika mapepala a ena amene anamuthandiza. Kulembedwa pa mndandanda umenewo ndiko kuchulidwa. Eugene Garfield wa ku Philadelphia ndiye anayamba kusonkhanitsa maina amenewa mwadongosolo, ndipo buku lake loyamba la Science Citation Index linatuluka mu 1964. Colinga cake coyamba cinali kuthandiza ofufuza kupeza mapepala ogwirizana ndi nchito yao. Pambuyo pake akuluakulu a mayunivesiti anaona kuti cida cimeneci cingakhale sikelo yopimira anchito.

Mu 2005 Jorge Hirsch wa ku yunivesiti ya California ku San Diego anabweretsa nambala imene amaicha h-index. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Munthu ali ndi nambala 10 ngati ali ndi mapepala 10 amene lililonse lachulidwa nthawi 10 kapena kuposa. Tiyerekeze ndi mlimi amene ali ndi minda 10 ndipo uliwonse wapereka matumba osacepera 10. Munda umodzi wobereka kwambiri sukweza nambalayi, ndipo minda yambiri yosabereka siikwezanso. Hirsch anati pa asayansi a mtundu wake, wofika pa 20 atagwira nchito zaka 20 wacita bwino, wa 40 ndi wopambana, wa 60 ndi wosowa. Nambala ya Langer inapitirira 300.

Zimene ciwerengero cikunena zoona

Tisafulumire kunyoza sikelo imeneyi. Pa nkhani ya Langer, kuseri kwa ziwerengero kuli zinthu zogwirika. Pamodzi ndi dokotala Henry Brem wa ku Johns Hopkins anapanga timabatani ta polima tokhala ndi mankhwala a khansa ya mu ubongo. Dokotala akacotsa cotupa amaika timabatanito, mpaka 8, pa malo pamene panali cotupaco, ndipo timasungunuka pang'onopang'ono uku tikutulutsa mankhwala pomwepo. Mankhwalawa, ochedwa Gliadel, anavomerezedwa ku America mu 1996. Mu 1993 iye ndi dokotala Joseph Vacanti analemba m'magazini ya Science pepala limene linathandiza kukhazikitsa nthambi yatsopano, yomeretsa khungu ndi ziwalo zina pa timafelemu ta polima, monga mmene nyemba zimayangira pa mitengo. Anathandiza kuyambitsa makampani oposa 40, ndipo imodzi mwa iwo ndi Moderna, ya mu 2010, imene inapanga katemera wa Covid-19.

Pamene anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana, osadziwana, achula nchito ya munthu mmodzi kwa zaka pafupifupi 50, umenewo ndi umboni wakuti nchitoyo inawathandiza. Njira imene anthu ambiri apondapo simera udzu.

Zimene ciwerengero sicinena

Komatu pali zinthu zinai zimene nambala imabisa.

Coyamba, mutu umodzi susenza denga. Mapepala 1,500 pa zaka 50 ndiye kuti mapepala 30 pa caka, kapena limodzi pa masiku 12 alionse. Palibe munthu angacite yekha zimenezo. Malo a kafukufuku a Langer akhala ndi ofufuza okwana 100 pa nthawi imodzi, ambiri a iwo acinyamata ocokera m'maiko ambiri. Dzina la mwini munda limalembedwa pa matumba onse, koma makasu anali m'manja ambiri. Ulemu wa Langer ndi wakuti anadziwa kusankha ndi kulera anthuwo, ndipo mazana a iwo anakhala mapulofesa. Koma kuyerekeza nambala yake ndi ya mphunzitsi amene ali ndi ophunzira awiri ndi makina amodzi akale, n'cimodzimodzi kuyerekeza famu ya mathirakitala ndi munda wa khasu.

Caciwiri, kuchulidwa kwambiri sikutanthauza kuti cinthuco n'cacikulu koposa. Mu 2014 magazini ya Nature inawerenga mapepala 100 ochulidwa koposa m'mbiri. Loyamba linali la Oliver Lowry la mu 1951, lofotokoza njira yopimira mapuloteni, lochulidwa nthawi zoposa 300,000. Pepala la Watson ndi Crick la mu 1953, limene linaulula mapangidwe a DNA, silinalowe n'komwe pa 100 amenewo. Cida cimene aliyense amabwereka cimachulidwa kuposa nzeru imene aliyense anaizolowera kale. Ngakhale timabatani ta Gliadel tija, pa kuyesa kwakukulu kumene zotsatira zake zinatuluka mu 2003, odwala amene anatilandira anakhala ndi moyo miyezi 13.9 pa mlingo wa pakati, pamene enawo anakhala miyezi 11.6. Miyezi iwiri ndi yamtengo wapatali kwa banja, koma si kucira.

Cacitatu, sikelo imeneyi imakondera amene ali kale ndi dzina. Robert Merton, katswiri wa za cikhalidwe ca anthu, anafotokoza zimenezi mu 1968 ndipo dzina lake analitenga pa Uthenga wa Mateyo. Anaona kuti asayansi awiri akapeza cinthu cimodzi, ulemu umapita kwa wochuka kale, ndipo kuchukako kumamubweretsera ndalama, ophunzira abwino ndi kuchulidwa kwina. Taonani Katalin Karikó wa ku Hungary. Pa yunivesiti ya Pennsylvania anamutsitsa pa udindo mu 1995 cifukwa nchito yake sinali kubweretsa ndalama za kafukufuku. Pepala limene analemba ndi Drew Weissman linakanidwa ndi magazini akuluakulu, n'kutuluka mu 2005 popanda ambiri kulilabadira. Komabe pa pepala limenelo ndi pamene panamangidwa katemera wa Moderna ndi wa Pfizer, ndipo awiriwo analandira mphoto ya Nobel mu 2023. Kampani imene inalemeretsa munthu wochulidwa koposa inaimirira pa nchito ya mai amene sikelo inamupeputsa.

Cacinai, nambala sinena kuti phindu linafika kwa yani. Mu 2021 katemera wambiri wa Moderna anapita ku maiko olemera. Bungwe la WHO linakhazikitsa malo ku Cape Town, pa kampani ya Afrigen, kuti Africa iphunzire kupanga yokha katemera wa mtunduwu, ndipo asayansi a kumeneko anacita kutolera okha nzeruyo pa zimene zinali zitalembedwa poyera. Ndi zoona kuti Moderna inalonjeza kusaimba mlandu opanga katemera wa maiko osauka pa nkhani ya ziphaso zake. Koma fakitale imene inalonjeza ku Kenya mu 2022 inaimikidwa mu 2024. Kuchula pepala ndi kwaulere, pamene luso lopangira mankhwala lili ndi mwini wake.

Sikelo yobera

Alimi a kum'mawa kuno amadziwa kuti mtengo ukangomangidwa pa kulemera kwa thumba, ena amathira mcenga m'cimanga ndi madzi mu thonje, ndipo ogula ena amakonza sikelo kuti ibe. Ku sayansi zacitikanso cimodzimodzi. Kukwezedwa pa nchito, malipiro ndi mbiri ya yunivesiti zitamangidwa pa ciwerengero, panabuka malonda. Pali makampani ogulitsa mapepala olembedwa kale, munthu n'kungogula malo oikapo dzina lake. Pali magulu opangana kuti uzindichula, inenso ndizikuchula. Mu 2023 mapepala oposa 10,000 anacotsedwa m'magazini atatuluka kale, ciwerengero cimene cinali cisanaonekepo, ndipo ambiri anali a kampani yosindikiza ya Hindawi. Caka comweco Clarivate inakana maina oposa 1,000 ndipo inacotsa phunziro lonse la masamu pa mndandanda wake cifukwa ca kuchulana kwacinyengo. Nyuzipepala ya El País ya ku Spain inaululanso kuti mayunivesiti ena a ku Saudi Arabia anali kulipira ofufuza ochuka a maiko ena kuti alembetse ngati anchito ao, n'colinga cakuti sukuluzo zikwere pa mndandanda wa dziko lonse.

Coseketsa koma comvetsa cisoni cinacitika mu 2024. Ofufuza awiri, pofuna kuonetsa kufooka kwa sikeloyi, analemba mapepala opanda tanthauzo m'dzina la mphaka wochedwa Larry, n'kulemba enanso omuchula. Makina a Google Scholar anamupatsa mphakayo kuchulidwa 132 ndi nambala 11, asanazindikire n'kufufuta. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Hirsch mwini wake analemba mu 2020 kuti nambala yake ikhoza kulephera koopsa ndi kubweretsa mabvuto amene iye sanawaganizire. Ndipo kuyambira mu 2012, pamene asayansi anakumana ku San Francisco n'kupangana mfundo zochedwa DORA, mabungwe zikwizikwi asaina kuti munthu azipimidwa pa zimene zili m'nchito yake, osati pa dzina la magazini.

Sitikunena kuti Langer ali m'gulu la onyenga. Tikunena kuti nambala yokha singathe kusiyanitsa iye ndi iwo. Cimene cimawasiyanitsa ndi mankhwala amene ali m'zipatala ndi ophunzira amene anaphunzitsidwa.

Mapolima amene ali m'nyumba zathu

Tibwere kwathu. Neti ya udzudzu yokhalitsa ndi polima wotulutsa mankhwala pang'onopang'ono, nzeru yofanana ndi ija ya ku Boston ngakhale anaipanga ndi anthu ena. Neti ya Olyset, ya kampani ya Sumitomo ya ku Japan, ili ndi mankhwala m'kati mwa ulusi weniweniwo, ndipo ikacapidwa ena amatulukira pamwamba. WHO inaivomereza mu 2001, ndipo kuyambira mu 2003 inayamba kupangidwa ku Arusha m'dziko la Tanzania. Kafukufuku wa m'magazini ya Nature wa mu 2015 anayerekeza kuti pakati pa 2000 ndi 2015 mu Africa munapewedwa matenda a malungo okwana 663 miliyoni, ndipo magawo 68 pa 100 anali cifukwa ca maneti.

Thumba la PICS losungiramo mbeu popanda mankhwala lili ndi matumba awiri a pulasitiki wokhuthala m'kati ndi saka yoluka kunja. Likamangidwa bwino, anankafumbwe amatha mpweya umene uli m'katimo n'kufa. Linacokera pa nchito ya Larry Murdock wa ku yunivesiti ya Purdue pamodzi ndi ofufuza a ku Cameroon, amene anayambira pa khobwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mai amene watsegula thumba lake mu Januwale n'kupeza cimanga cosafumbwa salemba pepala lochula Murdock. Umboni wake sulowa m'makina a Clarivate.

Mapolima ali ndi mbali yao yowawanso. Pepala lina lochulidwa kwambiri, la Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Law la mu 2017, linawerenga kuti pofika 2015 dziko linali litapanga matani 8,300 miliyoni a pulasitiki, ndipo pa zinyalala zake magawo 9 okha pa 100 ndiwo anakonzedwanso. Boma lathu linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 30 kupyolera m'lamulo nambala 65 la mu 2018. Koma misonkhano ya maiko yofuna pangano la dziko lonse pa pulasitiki inatha popanda mgwirizano ku Busan mu 2024 ndi ku Geneva mu 2025. Pepala lingachulidwe kambirimbiri, ngalande zathu zili zotsekeka ndipo ng'ombe zikufa ndi mapulasitiki m'mimba.

Maganizo athu

Lipoti la World Bank ndi kampani ya Elsevier la mu 2014 linapeza kuti maiko a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara anali kutulutsa mapepala osakwana 1 pa 100 alionse a pa dziko. Atsogoleri a Africa analonjezana kale kuika gawo limodzi pa 100 la cuma ca maiko ao pa kafukufuku, koma lonjezolo silinakwaniritsidwe m'maiko ambiri. Pamene magazini ya Nature inatsegula mwai wakuti pepala liziwerengedwa mwaulere mu 2021, mtengo wolipira wolemba unali mayuro 9,500, ngakhale osindikiza ena amakhululukira maiko osauka. Pa mpikisano wotere wofufuza wa pa UNZA, pa Copperbelt University, pa NISIR, pa Mount Makulu kapena pa Msekera amayamba ali kale kumbuyo. Tikamupima ndi sikelo ya ku Boston yokha, tidzamukankhira ku mafunso amene amasangalatsa magazini a kunja, n'kusiya a kasungidwe ka mbeu, a ulusi wa thonje lathu ndi a zinyalala za m'misika yathu.

Tsono ife tikuti ciwerengero cikhalepo, pakuti wofufuza amene salemba kanthu ndipo anzake samudziwa ayeneranso kufunsidwa. Koma akuluakulu a mayunivesiti ndi a Boma aonjezepo mafunso ena. Kodi nchitoyi inayesedwanso ndi anthu ena n'kupezeka yoona? Kodi waphunzitsa ana angati? Kodi pali mlimi, namwino kapena mmisiri amene akuigwiritsa nchito? Ndipo awapatse ofufuza acinyamata nthawi, pokumbukira makalata 9 a Langer amene anakanidwa ndi zaka 33 za Staudinger. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu alimi anzathu, wamalonda akabwera ndi thumba latsopano, feteleza wokutidwa kapena mankhwala ena, n'kumati anapanga ndi pulofesa wochuka pa dziko lonse, mufunseni kuti cinthuco cinayesedwa kuti, pa nthaka yotani, ndipo alangizi a zaulimi a kwanu akucidziwa kapena ai. Yesani pa mizere yocepa musanathire munda wonse. Kwa inu makolo, mwana wanu akadzafika pa kafukufuku, musamufunse cabe kuti walemba mapepala angati. Mufunseni kuti afotokoze m'cinenero ca kwanu cimene wapeza ndi amene cidzamuthandize. Akatha kuyankha momveka kwa agogo ake, ndiye kuti ndalama za thonje zija sizinapite pacabe.